Mau a Pamtima ndi Mau a m'Nkhani: M'mene Ana a ku China Aphunzirira Cingerezi

Nkhani imene inakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi, yolembedwa muno monga momwe inanenedwera.

Ine ndiri wamng'ono pakati panu, ndipo ambiri a inu munayamba kugwira coko ine ndisanadziwe kulemba dzina langa. Mutu umene ndasankha uoneka ngati wa kutali, pakuti ndifuna kukamba za ana a sukulu za sekondale a ku China, ndi m'mene alimbanira ndi mau a Cingerezi ndi nkhani zolembedwa m'cinenero cimeneco. Ndinayamba kufufuza za iwo cifukwa ca manyazi amene ndinacita m'kalasi langa. Kwa temu yathunthu ndinali kulemba mau 20 pa bolodi Lolemba liri lonse, ana nawaloweza, ndipo Lacisanu ambiri anali kukhoza 18 kapena 19. Ndinanyada ndithu. Koma tsiku lina ndinawapatsa kankhani ka theka la tsamba, kamene mau ace ambiri anali ocokera m'mindandanda yomweyo, ndipo nditafunsa kuti, "Kodi mnyamata wa m'nkhaniyi anabwereranji kwao?" kalasi lonse linangoti zii. Pamenepo ndinatsimikiza mtima kufuna anthu amene anayenda njira ya kuloweza mpaka kumapeto kwace, kuti ndione kumene inawafikitsa. Anthu amenewo ndiwo ana a ku China.

Tiyambe ndi cimene cimawathamangitsa. Ku China kuli mayeso akulu olowera ku yunivesite, amene eni ace amawacha gaokao, ndipo masiku ano amayamba pa 7 June. Mayesowa analekeka m'zaka za cipwirikiti ca Cultural Revolution, cimene cinayamba mu 1966, nabwezedwanso mu 1977. Mu 2024 amene analembetsa maina kuti awalembe anapitirira mamiliyoni 13. M'zigawo zambiri za dzikolo malikisi onse pamodzi ndi 750, ndipo mwa amenewa 150 ndi a cinenero cacilendo, cimene kwa ana ambirimbiri ndico Cingerezi. Muone kuti Cingerezi cipatsidwa malikisi ofanana ndi a masamu, ofanananso ndi a Cichaina ceniceni, cinenero ca makolo ao. Pakati pa khamu lotere malikisi ocepa okha amalekanitsa mwana ndi anzace zikwizikwi, ndipo ndiwo amene amanena yunivesite imene adzalowa, kapena ngati adzalowa konse.

Sizinali tero kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1950, pamene China inali pa ubwenzi waukulu ndi Soviet Union, cinenero cacilendo ca m'sukulu zambiri cinali Cirasha. Ubwenziwo utazirala, boma linalamula mu 1964 kuti Cingerezi cikhale patsogolo. Mu 1982 wailesi ya kanema ya boma inayamba kuonetsa maphunziro a BBC ochedwa Follow Me, ndipo anthu mamiliyoni ambiri anali kukhala pansi madzulo kuwatsatira. Kucokera mu 2001 Cingerezi cimayamba m'kalasi lacitatu la pulaimale, poyamba m'mizinda, pambuyo pace m'midzi. Cotero mwana pofika pa gaokao amakhala ataciphunzira zaka 10. Koma kumbukirani kuti iye sacimva pa msika, kapena m'basi, kapena pa ofesi ya boma. Masamu, sayansi ndi mbiri zonse amaziphunzira m'Cichaina. Cingerezi cace cocuruka ndi ca m'buku ndi ca m'kamwa mwa mphunzitsi wace, ndipo pamenepa afanana kwambiri ndi mwana wa pa sukulu ya kumudzi amene inu ndi ine timphunzitsa.

Boma limasindikiza mndandanda wa mau amene mwana womaliza sekondale ayenera kuwadziwa. Kwa zaka zambiri anali mau 3,500, ndipo malamulo a maphunziro a mu 2017 anawatsitsa kufika pa 3,000. Ku Taiwan, kumene anthu amalankhulanso Cichaina, mndandanda wace ndi wautali koposa, ndipo ana amangoucha "mau 7,000". Mindandanda iyi amaigwira motere. M'mamawa, maphunziro asanayambe, kalasi lonse limakhala ndi nthawi yowerenga mokweza mau, yochedwa zaodu, masiku ena Cichaina, masiku ena Cingerezi. Ali yense afuula liu lace, nachula zilembo zace cimodzicimodzi, nanenanso tanthauzo lace m'Cichaina. Pambuyo pace mphunzitsi amawayesa, iye kuchula mau, iwo kulemba, ndipo wolakwa amalemba liu lomwelo kambirimbiri. Masiku ano ambiri ali ndi mapulogalamu a pa foni, monga Baicizhan ndi Shanbay, amene amabweza liu kwa mwana patapita masiku owerengeka kuti lisamtayike, potsata zimene Hermann Ebbinghaus wa ku Germany analemba mu 1885 za liwiro limene munthu amaiwalira zimene waloweza.

Ndisanadzudzule kanthu, ndinene poyera kuti njira iyi si yopusa, ndipo amene amaiseka sanaganize bwino. Mwana wa ku China anaphunzira kuwerenga cinenero cace ndi njira yomweyi. Cichaina sicilembedwa ndi zilembo 26 monga Cingerezi. Cimalembedwa ndi zizindikiro, ndipo ciri conse ciri ndi maonekedwe ace, kachulidwe kace ndi tanthauzo lace. Zizindikiro zofala, zimene mwana ayenera kuzizindikira pomaliza zaka 9 zoyamba za sukulu, ndi 3,500. Palibe njira ya cidule. Amazilemba kawirikawiri mpaka dzanja lizolowere. Koma akazidziwa mphotho yace ndi yaikulu, pakuti mau ambiri a Cichaina amapangidwa polumikiza zizindikiro ziwiri zodziwika kale. Sitima ya pamtunda amati huoche, ndiko kuti ngolo ya moto. Lamya amati dianhua, kulankhula kwa magetsi. Kompyuta amati diannao, ubongo wa magetsi. Mwana amene adziwa cizindikiro ca magetsi ndi ca ubongo safuna womfotokozera zambiri. Tsono mwana wotere akafika pa Cingerezi amayesa kuti akaloweza mau 3,500 adzatsegula buku liri lonse, monga momwe zizindikiro 3,500 zinamtsegulira nyuzipepala ya kwao. Kuganiza kumeneku ndi kwa nzeru ndithu, koma Cingerezi sicimsungira pangano.

Cifukwa cace cioneka tikawerengera. Mau 2,000 ofala koposa a Cingerezi amadzaza pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a tsamba wamba, kapena kupitirira pang'ono. Cotero kuloweza mau oyambawo ndi nchito yopindulitsa kwambiri, ndipo pamenepa ana a ku China ayenera kutamandidwa. Koma magawo 8 mwa 10 sakwana. Tsamba la mau 300 likhala ndi mau 60 osadziwika, ndiko kuti liu limodzi mwa mau asanu ali onse. Batia Laufer mu 1989 anapeza kuti wowerenga afunika kudziwa mau 95 mwa 100 kuti amve nkhani mokwanira. Hu Hsueh-chao ndi Paul Nation mu 2000 anati kuti munthu awerenge nthano yekha popanda cithandizo pafunika 98 mwa 100. Pa tsamba lathu lija la mau 300, kumeneko ndiko kusowa mau 6 okha. Nation yemweyo anawerengera mu 2006 kuti wofuna kufika pamenepo m'manyuzipepala ndi m'mabuku a nthano osafewetsedwa ayenera kudziwa mabanja a mau pakati pa 8,000 ndi 9,000. Banja la mau ndilo liu pamodzi ndi ana ace, monga "teach", "teacher" ndi "teaching". Muona tsono kuti mwana wa mau 3,500 ali pakati pa mtsinje. Gombe limene anacokera walisiya kutali, koma tsidya linalo sanafike. Okonza gaokao azidziwa zimenezi, ndipo nkhani zimene amatenga m'manyuzipepala ndi m'magazini a kunja amayamba azifewetsa, ndi kumasulira m'Cichaina liu lina lobvuta pambali pace.

Ana eni ace ali ndi nthabwala pa nkhani imeneyi. Mindandanda yambiri inakonzedwa motsata alifabeti, ndipo m'mabuku ambiri oloweza liu la pamwamba pa tsamba loyamba ndilo "abandon", limene tanthauzo lace ndi kusiya kapena kutaya. Mwana amayamba ndi mtima wonse, nafika pa B kapena pa C, natopa; patapita mwezi amayambanso pa tsamba loyamba lomwe lija. Motero amati liu limene wophunzira ali yense wa ku China alidziwa bwino koposa ndilo "abandon", ndipo ndico cimene amacita nalo bukulo. Ife olemba mindandanda tisangoseka, pakuti alifabeti siidziwa liu lofunika ndi losafunika. Mwana akhoza kudziwa "abandon" nakhumudwa pa "give up", amene ndiwo mau amene Mngerezi amanena tsiku ndi tsiku potanthauza cinthu cofanana naco. "Give" alidziwa, "up" alidziwa, koma awiriwa akakumana sawazindikira. Ndipo "give in", "give out" ndi "give away" onse ali ndi matanthauzo aoao.

Apa ndafika pa cimene ndiyesa ndilo phata la bvuto lonse. Mndandanda umakwatitsa liu limodzi la Cingerezi ndi liu limodzi la Cichaina, ngati kuti ukwatiwo ndi wa mpaka imfa. Pambali pa "run" amalemba pao, ndiko kuthamanga. Tsono mwana akumana ndi ciganizo cakuti, "Her aunt runs a small shop near the river," ndipo m'mutu mwace aona mai wina ali kuthamanga ndi sitolo. Aphunzitsi a kumeneko analipatsa dzina bvuto ili, shuci shengyi, ndiko kuti liu lozolowereka lokhala ndi tanthauzo lacilendo, ndipo amacenjeza ana ao kuti alisamale pa mayeso. Ine ndiyesa liu lotere ndi loopsa kuposa liu losadziwika konse. Liu losadziwika limamuimitsa mwana, iye nadziwa kuti pano ndasowa. Koma liu limene ayesa kuti alidziwa limamtenga mwakacetecete ndi kukamsiya kuthengo, iye osadziwa kuti wasokera. Ife sitiyenera kudabwa nazo. Talingalirani mlendo amene analoweza kuti kumva ndiko "hear", m'mene angasokonezekere ife tikamanena kuti tamva njala, tamva fungo la nyama, mwana uyu samva, kapena kuti masamu awa sindinawamve. Palibe mmodzi wa ife amene anaphunzira matanthauzo amenewa pa bolodi. Tinawatola pokumana nalo liulo nthawi zosawerengeka, lero pa cakudya, mawa pa mlandu, mkuca m'kalasi.

Palinso zina zocokera ku kamangidwe ka Cichaina, ndipo zina mwa izo mudzazizindikira msanga. Polankhula, Mchaina amati ta ponena mwamuna kapena mkazi, monga ife timati iye. Kusiyana kumaoneka polemba pokha. Cotero "he" ndi "she" amamsokoneza monga amasokonezera ana athu, ndipo m'nkhani ya anthu atatu kapena anai sacedwa kutaya amene ali kulankhula. Cichaina ciribenso "a" ndi "the". Koma pa nthawi ya mneni ife tiri ndi mwai umene iwo alibe. Mneni wa Cinyanja amasintha: ndinapita, ndapita, ndidzapita. Mneni wa Cichaina sasintha konse. Nthawi imadziwika ndi mau onga dzulo ndi mawa, kapena ndi timau tating'ono toikidwa pafupi ndi mneni. Tsono taonani ziganizo ziwiri izi: "When we reached the station, the train left," ndi "When we reached the station, the train had left." Pa coyamba sitima tinaiona iri kunyamuka, pa caciwiri tinapeza itapita kale. Mwana amene anazolowera kuyang'ana mau akuluakulu okha, "station", "train", "left", amalumpha kaliu kaja "had" ngati kacitsotso, ndipo funso la pa mayeso limakhala pa kaliu komweko.

M'Cichaina mau ofotokoza dzina amabwera patsogolo pa dzinalo. Kumene Mngerezi anena kuti "the man who sold us the goat", Mchaina amayamba ndi kugulitsa mbuziko, ndipo munthuyo amadza potsiriza. Ife timatsata njira ya Mngerezi, munthu amene anatigulitsa mbuzi, ndipo sitiona cobvuta. Koma mwana wa ku China akakumana ndi ciganizo ca mizere inai cokhala ndi "who", "which" ndi "that", amasowa mneni weniweni wa ciganizoco. Aphunzitsi ao amathera maola ambiri pa ziganizo zimene amazicha zazitali ndi zobvuta, kuzidula ndi timizere ndi kufunafuna wocita ndi cimene anacita. Nchito imeneyi ndiibvomereza, pakuti imaphunzitsa mwana kusaopa ciganizo cifukwa ca kutalika kwace.

Za kachulidwe ndingodutsa msanga. Phatikizo la Cichaina ca m'sukulu, cochedwa Putonghua, pafupifupi nthawi zonse limathera pa cilembo ca liu, kapena pa n, kapena pa ng, ndipo zilembo zinazo siziunjikana monga m'liu lakuti "desks". Cotero mwana amaonjeza kaliu kumapeto kwa "book" kapena "desk", monga makolo athu anapangira buku ndi desiki. Ena amalemba zizindikiro za Cichaina pamwamba pa mau a Cingerezi kuti akumbukire kamvekedwe kace, ndipo "thank you" amasanduka san ke you, kumene m'Cichaina ndiko kunena magalamu atatu a mafuta. Mwana amene sadziwa kulumikiza cilembo ndi kamvekedwe kace amaloweza liu liri lonse ngati cithunzi, monga anacitira ndi zizindikiro za kwao, ndipo katundu wotere sacedwa kulemera. Achaina eni ace amadandaula za yaba yingyu, Cingerezi cosalankhula, ca munthu wokhoza mayeso amene sangathe kufunsa njira.

Nanga kuwerenga amakuphunzira bwanji? Mwambo wakale wa m'kalasi ndi umene amaucha jingdu, kuwerenga mosamalitsa: ndime imodzi yaifupi ikhoza kutha masiku angapo, mphunzitsi ali kumasulira liu liri lonse ndi lamulo liri lonse la galamala. Buku limene linakondedwa kwambiri pa nchito imeneyi ndi New Concept English la L. G. Alexander, lotuluka koyamba mu 1967, limene ana ambiri analoweza ndime zace pamtima. Mlembiyo anamuimikira cifanizo ca mkuwa ku Beijing. Pa mayeso pamakhala nkhani zingapo za mafunso osankha yankho limodzi mwa anai. Pamakhala ndime imene anacotsamo mau kuti mwana abwezeremo, njira imene Wilson Taylor wa ku America anaifotokoza mu 1953. Pamakhalanso ndime imene anacotsamo ziganizo 5, mwana napatsidwa 7 kuti asankhepo zoyenera. Mafunso awa ndi abwino ndithu, makamaka otsirizawo, pakuti amayesa ngati mwana aona ulusi umene usoka ndime pamodzi, timau tonga "however", "instead" ndi "as a result". Coipa cimadza m'caka cotsiriza ca sekondale, pamene ana amamizidwa m'cimene eni ace amacicha nyanja ya mafunso. Amaphunzira kuyamba ndi funso, kusaka m'nkhani liu lofanana ndi la m'funsolo, ndi kusankha yankho nkhaniyo osaiwerenga. Malikisi akhoza kukwera pang'ono, koma mwana wathera zaka zitatu pa zidutswa za mau 300, ndipo mwina cibadwire sanamalizepo buku limodzi la Cingerezi.

Mankhwala a nthenda imeneyi si atsopano, ndipo sanacokere ku China. Michael West, Mngerezi amene anali kuphunzitsa aphunzitsi ku Dacca m'dziko la Bengal m'zaka za m'ma 1920, anaona kuti ana anali kupatsidwa mabuku odzaza ndi mau acilendo kotero kuti sanali kuwerenga konse, koma kumasulira cabe liu ndi liu. Iye analemba mabuku ochedwa New Method Readers, m'mene liu latsopano limadza patalipatali, ndipo likadza limabwerezedwa kangapo pafupi pomwepo. Mabuku amenewa anafika ndi m'sukulu zambiri za mu Africa. West yemweyo ndiye anatulutsa mu 1953 mndandanda wa mau ofala pafupifupi 2,000. Cimene cindikondweretsa ndi cakuti munthu mmodzi anacita zonse ziwiri; mndandanda anaukonzera olemba mabuku ndi aphunzitsi, kuti adziwe mau oyamba nao, koma m'manja mwa mwana anaikamo nthano.

Umboni wa njira iyi unaoneka bwino pa zilumba za Fiji. Mu 1980 Warwick Elley ndi Francis Mangubhai anapereka mabuku a nthano a zithunzi, 250 pa kalasi liri lonse, ku sukulu 8 za kumidzi, ndipo patapita miyezi 8 ana a m'sukuluzo anali atapita patsogolo pa kumva zowerenga kawiri kuposa m'mene ana amapitira masiku onse. Ndachula Fiji cifukwa njirayo inafika ndi kwa ana olankhula Cichaina. Singapore, kumene anthu ambiri ndi a mtundu wa Achaina, inayamba nchito yotere m'makalasi oyamba a pulaimale mu 1985, ndipo Hong Kong inakhazikitsa dongosolo la kuwerenga mabuku ambiri ofewa m'sukulu za sekondale mu 1991. Ku China kwenikweniko, mabuku a nthano ofupikitsidwa a ku Oxford amasindikizidwa ndi Cingerezi pamodzi ndi Cichaina cace, pa dzina lakuti Shuchong, ndiko kuti kacirombo kodya mabuku, ndipo ana ambiri anayambira pamenepo kuwerenga buku lathunthu. Ndiri ndi cikaiko pang'ono pa Cichaina ca pambalico, cifukwa diso la mwana wotopa limathawira kumene kuli kofewa. Komabe mwana amene wamaliza buku, ngakhale mozembazemba, wakumana ndi "had" nthawi mazanamazana, ndipo wayamba kumva nchito yace.

Koma mabuku afuna ndalama, ndipo apa mtima wanga uli ndi mwana wa kumudzi wa ku China. Mnzace wa mumzinda waukulu wa cigawo comweco ali ndi laibulale pafupi, ndipo mwina makolo ace adziwa Cingerezi. Iye kawirikawiri amaleredwa ndi agogo ace, makolo atapita kukagwira nchito m'mafakitale a kutali, ndipo buku lace la Cingerezi ndi lija la m'kalasi lokha. Pa 7 June awiriwa amayamba mayeso amodzi. Mu July 2021 boma linaletsa makampani kupeza phindu pophunzitsa ana a pulaimale ndi a sekondale yoyamba maphunziro a m'sukulu, pofuna kupeputsa katundu wa ana ndi wa makolo. Caka comweco mmodzi wa mamembala a bungwe lalikulu lolangiza boma anapempha kuti Cingerezi cicotsedwe pa maphunziro akulu. Pempholo silinatsatidwe, ndipo malikisi 150 aja akalipo. Kwa mwana wa kumudzi mndandanda ndico cida cotsika mtengo cimene ali naco, ndipo ine sindingathe kumuuza kuti autaye ndisanampatse cina m'malo mwace.

Okonza mayeso anayesa kusintha macitidwe a m'kalasi posintha funso. Mu 2016 cigawo ca Zhejiang cinayamba funso latsopano, limene pambuyo pace linafalikira ku zigawo zambiri: mwana amapatsidwa nthano ya mau pafupifupi 350 yopanda mapeto, pamodzi ndi ciganizo coyamba ca ndime ziwiri zotsatira, ndipo ayenera kuimaliza ndi mau ace pafupifupi 150. Funso ili ndilikonda. Munthu sangamalize nthano imene sanaimve. Ayenera kudziwa anthu ace, cimene afuna, cimene cinacitika kale ndi cimene sicinacitike, ndipo "he", "she" ndi "had" onse amabwezera pamenepo amene anawanyoza. Koma cizolowezi ndi camphamvu. Sipanapite nthawi yaitali, panatuluka timabuku ta ziganizo zokongola zofotokoza misozi, mantha, cimwemwe ndi kulowa kwa dzuwa, ndipo ana anayamba kuziloweza kuti akazithire m'nthano iri yonse imene akapeze.

Ine m'kalasi langa mndandanda sindinautaye, koma ndinaufupikitsa kufika pa mau 10, osankhidwa cifukwa ca kufala kwao, ndipo liu liri lonse limalowa m'kope pamodzi ndi ciganizo cimene tinalipezamo. Likaonekanso ndi tanthauzo lina, timalemba ciganizo caciwiri pansi pa coyamba. "Run" tsopano liri ndi ziganizo zinai. Popeza mabuku a nthano tiribe, ndimalemba ndekha tinkhani tatifupi, ta mbuzi yosokera kapena ta mwana wotaya ndalama ya ku cigayo, ndi mau amene ana awadziwa kale. Lacisanu ndimawapatsa theka, iwo namaliza, poyamba pakamwa m'Cinyanja kuti ndione ngati amva, pambuyo pace m'Cingerezi ziganizo zitatu kapena zinai. Sindinena kuti zonse zakonzeka iai. Ocedwa akali kucedwa, ndipo kulemba tinkhanito kumanditengera madzulo awiri pa sabata.

Pempho langa kwa inu ndi limodzi, ndipo silifuna ndalama. Mukabwerera ku sukulu zanu, tengani buku lowerenga la kalasi lanu, musankhe tsamba limene simunaliphunzitse, ndipo muitane ana atatu, wakuthwa, wapakati ndi wocedwa. Ali yense alembe kamzere ndi pensulo pansi pa liu liri lonse limene salidziwa. Muwerenge mau onse a pa tsambalo, muwerengenso mau a timizere, ndipo mudzabwere nazo nambalazo pa msonkhano wotsatira kuti tidzaziike pamodzi ndi kuziyesa ndi 98 uja. Ine nditayesa, mwana wanga wapakati sanasiye mzere umodzi wa tsambalo wopanda kamzere, ndipo wocedwayo anaika pensulo pansi asanafike pakati pa tsamba.